Sabata ya Mertesacker pawailesi

Pulogalamu yathu yamasewero ya Loweruka ili ndi kagawo komwe timakumbutsa omvera za wosewera mmodzi yemwe adasiya mpira. Kawirikawiri timatenga omwetsa zigoli, chifukwa ntchito yake ndi yofewa: umangotola mawu a woulutsa akukuwa chigoli chitalowa, n'kuikapo nyimbo, basi watha. Sabata ino akonzi anati omwetsa zigoli tawachulutsa, tipeze wotchinga kumbuyo. Ndinasankha Per Mertesacker wa ku Germany, podziwa kuti masapota a Arsenal ndi omwe amadzaza foni zathu, timu yawo ipambane kapena igonje.

Lolemba linali la zaka ndi manambala. Adabadwira ku Hannover mu 1984, adakulira mu timu ya Hannover 96, mu 2006 adapita ku Werder Bremen komwe adatenga chikho cha DFB-Pokal mu 2009. Ku Arsenal adafika kumapeto kwa Ogasiti 2011, patangopita masiku ochepa Manchester United itaithidzimula 8-2 ku Old Trafford. Timu ya dziko lake adaisewerera magemu 104. Kutalika kwake ndi mamita 1.98. Zonsezi zinakwana patsamba limodzi, ndipo nditawerenga mokweza sizinafike mphindi ziwiri.

Vuto ndinaliona Lachiwiri. Ndinakhala m'situdiyo ndi mnzanga wosakaniza mawu, tikufufuza m'magemu akale poti woulutsa adatchula dzina la Mertesacker mokweza. Sitinapeze zambiri. Munthuyu sankathamanga, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale iye mwini. Luso lake linali kuima pamalo oyenera mpira usanafike. Womwetsa zigoli akamati athamangire mpata, ankapeza chimunthu chaima kale pamenepo, ndiye mpira unkangobwerera pakati. Pawailesi zimenezi zimamveka bwanji? Palibe kukuwa, palibe mluzu. Mnzangayo anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mwasankha munthu woti ntchito yake ikayenda bwino sipachitika kanthu." Sanalakwitse. Ku Arsenal wothamanga anali Laurent Koscielny, amene ankatuluka kukalimbana ndi adani, pomwe Mertesacker ankatsala kuyang'ana mzere ndi kuuza anzake poima. Anthu ankaombera m'manja Koscielny, koma ine ndimaona kuti ufulu wotuluka uja ankaupeza chifukwa cha yemwe watsala kumbuyo.

Ndiye tinaganiza zomanga kagawo konse pa gemu imodzi: ndime yotsiriza ya FA Cup pa 27 Meyi 2017 ku Wembley. Apa m'pamene ndinathera Lachitatu lonse ndi theka la Lachinayi, ndipo sindikudandaula.

Mertesacker adavulala bondo mu Julaye 2016 pa gemu yopimana mphamvu ndi Lens, moti chaka chonsecho adasewera mphindi 37 zokha, pa gemu yomaliza ya ligi ndi Everton. Tsiku lomwelo Koscielny adapatsidwa khadi yofiira ndipo Gabriel adavulala. Shkodran Mustafi nayenso sadali bwino. Mphunzitsi wa Arsenal Arsène Wenger adalibe kuchitira mwina koma kuyambitsa munthu wa zaka 32 yemwe adakhala panja miyezi yambiri, pakati pa otchinga atatu, mbali ino Rob Holding, mbali inayo Nacho Monreal. Adani ake anali Chelsea ya Antonio Conte yomwe idali itangotenga ligi, kutsogolo kuli Diego Costa ndi Eden Hazard. Costa yemweyu ndi amene adachititsa kuti Mertesacker atulutsidwe m'bwalo mu Januwale 2016, atamusiya pa liwiro mpaka Mertesacker adamugwetsa.

Ndinaonera gemuyo ndi kope m'manja, maso ali pa iye yekha. Mpira wa m'mwamba ukabwera, mutu wake. Costa akafuna kutembenuka, mwendo wautali wafika kale. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi manja ake: nthawi zonse akuloza, akukankhira Holding kumanja, akuitana Monreal abwerere. Arsenal idapambana 2-1 ndi zigoli za Alexis Sánchez ndi Aaron Ramsey. Costa adamwetsa chimodzi, inde, koma kwa nthawi yaitali adasowa pogwira. Polemba mawu a pulogalamu ndinasiya njira yathu yozolowereka, ndinafotokoza mphindi zingapo za gemuyo ngati ndikuulutsa, koma ndikutsata mapazi a wotchinga m'malo motsata mpira.

Za chikho cha dziko lonse cha 2014 ndinazidutsa mwachangu, ngakhale anthu ambiri angayambire pamenepo. Adasewera mpaka gemu ya Algeria, yomwe ambiri kuno tinkachemerera anzathu a mu Africa ndipo Germany idavutika kupambana 2-1 m'nthawi yoonjezera. Zitatero mphunzitsi wa Germany Joachim Löw adabwezera Philipp Lahm kumbuyo kumanja, n'kuika Jérôme Boateng pakati ndi Mats Hummels. Mertesacker adakhala pabenchi. Adalowa theka lachiwiri pa 7-1 ya Brazil, ndipo pa ndime yotsiriza ndi Argentina adalowa gemu ili pafupi kutha. Germany idatenga chikhocho, mendulo adavala, kenako adatsanzika timu ya dziko.

Mkangano unabuka Lachisanu. Mu 2018, atatsala pang'ono kusiya mpira, Mertesacker adauza magazini ya Der Spiegel kuti gemu isanayambe ankachita nseru ndi kutsegula m'mimba chifukwa cha nkhawa, komanso kuti Germany itagonja kwa Italy mu ndime ya matimu anayi ya chikho cha dziko lonse mu 2006, pakhomo pawo pomwe, mumtima adamva kupepukidwa kuti zatha. Ndinaika zimenezi kumapeto kwa kagawoko. Akonzi anati nkhani za m'mimba si za Loweruka masana anthu akudya nsima, komanso nthawi yatipanikiza ndi otsatsa malonda. Ndinawayankha kuti, "Bwana, mukachotsa apa tatsala ndi munthu wamtali wochedwa basi." Maganizo anga ndi oti bata lomwe tinaliona ku Wembley silimveka kulemera kwake ngati sudziwa kuti mwini wakeyo ankalowa m'bwalo thupi likukana. Ndipo zikugwirizana ndi ntchito yomwe adayamba mu 2018, yotsogolera akademe ya Arsenal, yoyang'anira ana omwe ambiri a iwo safika ku timu yaikulu. Ethan Nwaneri, yemwe adasewera mu Premier League ali ndi zaka 15 mu 2022, adatulukira kumeneko. Tinagwirizana zochotsa za m'mimba, za nseru ndi za Italy n'kutsala.

Loweruka foni zinayamba kulira kagawo kasanathe. Sapota wina wa Chelsea anati tikukometsa munthu yemwe ngakhale agogo ake akanamupitirira pa liwiro. Wa Arsenal anamuyankha kuti akafunse Costa. Bambo wina yemwe amaphunzitsa ana mpira m'dera lakwawo anafunsa ngati tingamutumizire mawu aja ofotokoza kaimidwe, chifukwa ali ndi mnyamata wamtali yemwe anzake amamuseka kuti sathamanga. Za nkhawa palibe anaimbirapo pawailesi, koma mauthenga ofunsa zimenezo anabwera pa WhatsApp ya pulogalamu madzulo, ena opempha kuti tisatchule maina awo. Akonzi ati sabata yamawa titenge Antonio Rüdiger, poti ameneyo phokoso la m'bwalo silisowa.