Madobadoba asamukira pa intaneti

Mwezi watha mphwanga wa ku Ndirande anandionetsa tsamba la pa intaneti limene linkalonjeza kumupezera laisensi yoyendetsera galimoto popanda kuima pamzere. Pamwamba pake panali mbendera ya dziko lathu, ndipo m'munsi munali nambala ya foni yotumizirako ndalama zimene ankati ndi zofulumizitsira mapepala. Mnyamatayu anali atatumiza kale ndalama zimene anasunga kwa miyezi itatu pogulitsa kaunjika ku Limbe, koma chimene analandira ndi fomu chabe, ndipo titaimba nambala ija tinapeza kuti ndi yozimitsa.

Zimenezi zinandipweteka mtima, chifukwa madobadoba amene tinazolowera kuwaona ndi maso tsopano abisala pa intaneti, kumene nkhope zawo sizidziwika. Laisensi imaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Road Traffic yokha, ndipo ku ofesi yake ya ku Ginnery Corner munthu amayenera kufika yekha kuti amujambule, adinde zala ndiponso alembe mayeso. Palibe tsamba la munthu wamba limene lingakuchitireni zimenezi. Chimene chikundisowetsa tulo nchakuti mphwangayo anatumizanso chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, ndipo anthuwo akadali nacho mpaka lero.