Ulendo wa ku Elephant Marsh: Tinakapeza Akakombo Atagona

Tithane kaye ndi nkhani yomwe yavuta pa gulu lathu la WhatsApp. Amene anatichedwetsa si adalaivala ayi, ndi a Tcheya. Ku Limbe tinanyamuka mbandakucha, zitunda za ku Chikwawa tinatsika bwinobwino, koma pa Thabwa bambowa anamva fungo la mbuzi yootcha n'kulamula kuti minibasi iime "pang'ono chabe". Pang'onopo panabala ana. Titangodutsa Masenjere tayala linaphulika, jeke n'kupezeka kuti inatsala ku Limbe. Pofika pa doko la Mchacha James, m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, dzuwa linali litapendeka.

Eni mabwato anatiseka osabisa. "Maluwa nthawi ino, aphunzitsi? Agona kale." Ndi zoona, kakombo wabuluu amatsegula m'mawa, dzuwa likapendeka n'kutseka. Ife a kalabu ya zachilengedwe, ndi mabuku athu m'manja, tinangoona masamba ali yalaa pamadzi, maluwa atafumbata ngati zibakera.

Apa m'pamene panabuka mkangano. A Biology, aphunzitsi athu a phunzirolo, anati sabwerera asanaone duwa. Mayi Msungichuma anati bajeti inali ya tsiku limodzi, ndipo wofuna kugona agone ndi ndalama za m'thumba mwake. A Tcheya anayesa kulowererapo, koma mayiwa anangowafunsa kuti, "Mbuzi ija inakoma?" Bambo aja anakhala chete mpaka m'mawa. Tinavota, ogona anapambana, ndipo ahedi a sukulu ina yapafupi anatitsegulira kalasi. Udzudzu wa kumeneko ndiusiye, aliyense ali ndi umboni pathupi pake.

Chakudya chamadzulo ndicho sindidzaiwala. Amayi a m'mudzimo anatiphikira nsima ya mlamba wowamba, kenako gogo wina anabwera ndi mbale ya nyika yowiritsa. Kwa amene simunapite, nyika ndi timizu tobulungira ta kakombo yemweyo, takuda kunja, tokhala pansi m'matope. Ukasenda umapeza mkati mwaufaufa, kukoma kwake kopita ku mbatata koma kosiya kakuwawa kukhosi. A Mlembi, osaganiza, anati, "Si chakudya cha njala ichi?" Gogoyo sanakwiye. Anawayang'ana n'kunena kuti inde mwanawe, chimanga chikapsa ndi dzuwa kapena chikakokoloka ndi madzi, ndi chimenechi chimalera ana kuno. Anatifotokozera mmene amazulira: kulowa m'madzi ofika m'chifuwa, kufufuza ndi phazi m'matope, kenako kumira n'kuzula, mnzako ali m'bwato maso ali pa ng'ona. Ena sabwerako. A Mlembi anadya nyika yawo yonse mwaulemu, n'kupempha ina.

Kutacha tinalowa m'mabwato. Mayi Msungichuma, omwe dzulo lake ankakana, ndiwo anayamba kufuula. Akakombo oyera, amene amatsegula usiku, anali akadali chitsegukire, pomwe abuluu anali akungoyamba kumasuka, pakati pali chikasu. Fungo lawo limakupeza usanawafike, lozuna koma losalasa mphuno. Mbalame ya zala zitalizitali ija, African jacana, inkayenda pamasamba osamira. A Sports anafuna kuyesa tsamba ndi phazi, mwini bwato n'kuwakalipira m'Chisena. Tanthauzo tonse tinalimva.

Za maphunziro, a Biology anagwira ntchito yawo. Wabuluuyo ndi Nymphaea nouchali var. caerulea, wa m'banja la Nymphaeaceae. Katswiri wa zachilengedwe Savigny anamulemba ku Egypt mu 1798 ngati mtundu woima pawokha, Nymphaea caerulea, koma mu 1989 katswiri wa zomera Verdcourt anamuika pansi pa nouchali. Woyerayo ndi Nymphaea lotus, dzina lomwe katswiri wina wa zomera, Linnaeus, anapereka mu 1753, ndipo umamudziwa ndi masamba a m'mphepete mwa manomano. Banja limeneli ndi limodzi mwa mabanja akalekale kwambiri a zomera zamaluwa. Anadula phesi n'kutiuza tiuziremo: mpweya unatulukira mbali inayo, chifukwa mkati muli timipata totsitsa mpweya kupita ku mizu. Timabowo topumira tili pamwamba pa tsamba, osati pansi monga masamba ambiri. Duwa likatha limamira, chipatso chimakhwimira m'madzi, njere n'kuyandama kwa kanthawi zisanakagwere pena. Anatichenjezanso kuti tisamasokoneze kakombo ndi namasupuni, yemwe ndi mlendo wochokera ku South America ndipo akutsamwitsa Shire. Dambo lenilenilo linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, mu 2017, ndipo dzina lake linachokera kwa David Livingstone, yemwe anaona njovu zambirimbiri pano mu 1859. Ife sitinaone ndi imodzi yomwe.

Ine maganizo anga ndi akuti chaka chamawa ana a kalabu tikabwera nawo, phunziro loyamba apereke ndi gogo uja, a Biology atsatire. Mayina a Chilatini ana akawapeza m'buku.

Tikuthokoza ahedi chifukwa cha kalasi, amayi otiphikira, ndi eni mabwato omwe anatibweza tonse amoyo ngakhale a Sports anayesetsa. Zikomo adalaivala, koma jeke izikhala m'galimoto. Zikomo a Chaplain chifukwa cha pemphero la pakati pa dambo, lomwe linafupika mvuu itapuma chapafupi. Kakombo yemwe a Biology anapana m'manyuzipepala akuuma bwino ku ofesi, chonde musaikepo makapu a tiyi.

Mayi Msungichuma akuti amene sanapereke ya mabwato apereke lisanafike Lachisanu. A Tcheya, ya mbuzi ija akuti siilowa m'mabuku a kalabu.