Mmene Google Drive ikundithandizira pophunzitsa Folomu 4

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndinayamba kuika zolemba zanga za Bayoloje pa Google Drive, posungira mafayilo pa intaneti, poti aliyense amene ali ndi akaunti ya Google amapatsidwa malo aulere okwana 15 GB. Mpaka lero sindinasiye, chifukwa m'kalasi mwanga ophunzira ndi ochuluka pamene mabuku ndi ochepa, moti buku limodzi limadutsa m'manja ambiri mpaka masamba kuthothoka.

Ndimajambula mafunso akale a mayeso a MSCE, kuwasandutsa PDF, kenaka n'kutumiza linki ku gulu la makolo la pa WhatsApp. Chimene chimandiwawa mumtima ndi mtengo wa bandulo komanso kusowa kwa mafoni. Mtsikana wina anandiuza kuti amadikira kuti mayi ake abwere ndi foni madzulo kuchokera kumsika, ndipo amakopera chithunzi cha impso m'kope mwake akuunikira ndi tochi. Kuyambira tsiku limenelo ndimachepetsa kukula kwa fayilo iliyonse, ndinaleka kutumiza mavidiyo, ndipo ana amene kwawo kulibe foni ndimayamba ndawasindikizira mapepala ndisanaike chilichonse pa intaneti.