Lachitatu la ziro ndi mipata

Magetsi anazima madzi a tiyi asanawire, choncho ndinanyamuka ku Kapata m'mimba muli pululu. Ndinakwera njinga mpaka m'tauni ya Chipata, mphepo ya Julayi ikulasa m'makutu. Ku ofesi kuli sola, ndiye za moto wa laputopu sindinade nazo nkhawa.

Kwa amene mwayamba kumene kuwerenga zolemba zangazi, ine ndimasunga manambala a kabungwe ka alimi. Kaundula wathu wa zokolola anayambira m'mabuku a chikuto cholimba, kenako analowa mu Excel, ndipo chaka chatha ndinamusamutsira mu PostgreSQL, pulogalamu ya database, nkhokwe yosungiramo manambala pa kompyuta. Abwana akufuna lipoti Lachisanu: banja lililonse limakolola matumba angati a chimanga pa avereji, chaka ndi chaka. Ndinkayesa ntchito ya ola limodzi.

Ndinalemba funso langa mu SQL, chilankhulo chofunsira database: AVG (yopezera avereji) pa kolamu ya matumba, GROUP BY chaka (kugawa chaka ndi chaka), ndi kudina. Manambala anatuluka ali bwinobwino, koma la 2024 linandiimitsa. Linatsika, inde, koma pang'ono chabe. Mtima unakana. Chaka chimenecho tonse tinali konkuno. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ine ndi maso angawa ndinaona minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Katete, chimanga chitapserera chisanabereke n'komwe. Nanga kompyuta ikundiuza bwanji kuti anthu anakololako ndithu?

Ndinawerenga mizere ya chaka chimenecho kawiri, poyamba ndi COUNT(*), kenako ndi COUNT(matumba). Mayankho anasiyana kutali. Yoyambayo imawerenga mzere uliwonse, pamene yachiwiriyo imawerenga mizere yokhayo imene muli nambala. Ndiye kuti mabanja ambiri a 2024 anali ndi mpata m'malo mwa nambala, chimene database imachitcha NULL. Ndipo AVG ikapeza NULL siyifunsa, imangolumpha ngati banjalo kulibe.

Tiyerekeze mabanja anayi. Loyamba lakolola matumba 10, lachiwiri 6, lachitatu ndi lachinayi palibe chimene atola. Mukalemba ziro pa awiri omalizawo, 16 mugawa ndi 4, avereji ndi matumba 4. Mukasiya mipata, kompyuta igawa 16 ndi 2, n'kukuuzani kuti avereji ndi matumba 8. Mudzi womwewo, njala yomweyo, koma papepala waoneka ngati wakolola kawiri. Ovutikitsitsa ndi amene asowa m'chiwerengero.

Safunsa anadya phula. Ndinaimbira foni amayi ena achikulire a ku Kasenengwa amene akhala akutidzazira mafomu kwa zaka zambiri.

"Mwadzuka bwanji amayi? Pepani ndakusokonezani m'mawa uno. Pa mafomu a chaka cha chilala chija, pamene simunalembe kanthu pa matumba, munkatanthauza chiyani?"

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Mwana wanga, munthu wakuonetsa nkhokwe ili mbee, akukuuza kuti ngakhale meda imodzi sanapeze, misozi ili m'maso. Iwe ukanalemba chiyani? Ine dzanja linkalemera. Ndinkangojambula kamzere n'kupita khomo lina."

Ndinawathokoza, koma foni nditaika pansi ndinakhala kaye duu. Kamzere kameneko ndimakakumbukira. Posamutsa mafayilo chaka chatha, chilichonse chimene sichinali nambala ndinachisandutsa NULL, poti kolamu ya manambala silandira timizere. R, pulogalamu yowerengera manambala, inandichenjeza ndi mawu ake aja akuti "NAs introduced by coercion", kutanthauza kuti zina zasanduka mipata, ine n'kupitirira, poganiza kuti ndi zinyalala za kalembedwe chabe. Pamenepo ndi pamene ndinafufuta njala ya anthu ndi dzanja langa.

Ndinaimbiranso mnyamata wina amene amazungulira midzi ya ku Chipangali. Iyeyo anati ziro amalemba ziro, koma akapeza pakhomo palibe munthu, kaya apita kumaliro kaya kuganyu, amasiya posalemba. Anawonjezanso china chimene sindinachiganizire: mabanja ena sanadzale chimanga n'komwe, anaika munda wonse ku soya kapena nshawa, ndipo pamenepanso amasiya mpata.

Ndiye mu database yanga muli NULL mmodzi wonyamula nkhani zitatu. Wina anadzala koma sanakolole. Wina sanapezeke. Wina sanadzale. Woyambayo ndi ziro weniweni, ayenera kulowa mu avereji ndi kuikokera pansi. Wachiwiriyo sitikudziwa, ndipo kunena kuti sitikudziwa ndiye chilungamo. Kumuikira ziro kungakhale kumunamizira umphawi. Wachitatuyo funsoli silimukhudza. Mu R timakonda kulemba na.rm = TRUE mwachizolowezi, kuti mean(), yopezera avereji, isatibwezere NA, dzina la mpata mu R, ndipo zala zimalemba zokha mutu usanaganize. Koma mawu ochepawo akutanthauza kuti "onse amene sindikuwadziwa achoke". Usanawachotse uyenera kudziwa kuti ndi ndani, ndi angati, ndipo asowa chifukwa chiyani. Akadasowa mwangozi, apa mmodzi apo mmodzi, avereji sikadapotoka kwenikweni. Athuwa anasowa chifukwa cha chinthu chomwecho chimene tikuyeza.

Ndinalowa kwa abwana kukawauza kuti lipoti la Lachisanu likhala lopanda 2024, kapena lichedwe.

"Simungangoika ziro ponseponse pamene pali mpata?" anafunsa. Funso lake silinali loipa, akuthamangitsidwa ndi masiku.

"Bwana, tikatero tichoka ku bodza lina n'kulowa ku linzake. Mafomu a pepala alipo m'makatoni. Mundipatse masiku awiri ndi munthu mmodzi."

Anapukusa mutu, koma anavomera.

Masana ndinadya nsima ya chibwabwa chotendera pa kamalo kathu ka masiku onse, ndikuganizabe za dzanja lolemera lija.

Nditabwerera ndinati, poti ndatsegula kale chivundikiro, ndione zonse. Pa kolamu ya mitengo yogulitsira zokolola, graph inaoneka ngati phiri la Kanjala litadulidwa ndi mpeni: mitengo ili kumwamba mpaka 2012, kenako gwaa pansi. Vuto ili ndinalizindikira msanga. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 yakale n'kukhala K1. Thumba la makilogalamu 50 limene FRA, bungwe la boma logula chimanga, inkagula pa K65,000 mu 2012 linali pa K65 mu 2013, mtengo womwewo. Ndinawonjeza kolamu yonena kuti ndalamayo ndi ZMK (kwacha yakale) kapena ZMW (yatsopano), ndipo zakalezo ndinazigawa ndi 1,000 mu kolamu yatsopano. Nambala yoyambirira sindiikhudza. Limeneli ndi lamulo langa tsopano: chimene chinalembedwa kumunda chikhale momwemo, zokonza zanga zikhale pambali, kuti wobwera pambuyo panga adzathe kunditsutsa.

Za maboma nazo zinafuna kusamala. Chipangali ndi Kasenengwa anapatulidwa ku boma la Chipata mu 2018, choncho ukaika "Chipata" ya 2016 pambali pa "Chipata" ya 2020 ukuyerekeza malo awiri osiyana kukula. Mwayi wake timalemba mudzi wa banja lililonse, ndiye ndinangolumikiza midziyo ku maboma a lero.

Chimene chinanditengera nthawi ndi miyezo. Mlimi sanena makilogalamu. Amati ngolo ziwiri, matumba asanu, meda zingapo. Ngolo ya chimanga chosatonola si thumba la chotonola, ndipo ngolo ya kwa uyu si ya kwa uyo. Nshawa ya makoko ndi yoswa zalembedwa mu kolamu imodzi popanda chozisiyanitsa. Munda wina waulemba mu ma lima, wina mu maekala, wina mu mahekitala. Apa pokha masamu ndi odziwika: lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ekala ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala. Koma pamene palembedwa "2" yekha, wopanda dzina, nditani naye? Ma lima awiri ndi theka la hekitala, mahekitala awiri ndi munda woposa pamenepo kanayi. Ndaika chizindikiro pa mizere yotereyi, nayonso idikire makatoni.

Dzuwa litapendeka, amayi osunga ndalama anabwera ndi pepala, akuti chiwonkhetso changa cha ngongole za mbewu chikusiyana ndi chawo ndi ngwee imodzi. Ngwee imodzi yokha, koma iwo sagona nayo, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Ndinawaonetsa pa R: ndinalemba 0.1 + 0.2 == 0.3, yankho n'kubwera FALSE. Anandiyang'ana ngati ndawachita matsenga. Kompyuta imasunga manambala a pointi m'ma 0 ndi ma 1, ndipo 0.1 sakwanira ndendende m'kalembedwe kameneko, monga momwe 1 kugawa ndi 3 sathera polemba 0.333. Yankho lenileni la 0.1 + 0.2 limene imasunga ndi 0.30000000000000004. Tizidutswa timeneti tikakumana ndi kufupikitsa nambala pa malo awiri, ngwee imatha kudumphira mbali ina. Kolamu ya ndalama ndinaipanga double precision, mtundu wosunga manambala m'njira imeneyi, pamene inayenera kukhala NUMERIC, imene imasunga kwacha ndi ngwee monga momwe zalembedwera. Ndinaisintha pomwepo iwo akuona, tinawonkhetsanso, zinagwirizana. Anangoti "zikomo bambo" n'kutuluka ndi pepala lawo.

Ndisanaweruke ndinakonza fomu ya pa foni ya KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu, imene tigwiritse ntchito nyengo ikubwerayi. Funso loyamba likhala lakuti, "Kodi munadzala chimanga?" Akati inde, pa matumba payenera kulowa nambala, ndipo ziro akuloledwa. Amene sanapezeke ali ndi batani lakelake. Muyezo ukhala wosankha pa mndandanda, osati wolemba pamanja. Koma fomu yokha siyingapeputse dzanja la amayi aja. Pa maphunziro a odzaza mafomu ndidzawapempha kuti iwowo afotokoze nkhaniyi, ine ndidzangoonetsa mabanja anayi aja pa bolodi, 4 ndi 8.

Tsopano ndi usiku, magetsi abwera. Makatoni awiri ndabwera nawo kunyumba pa njinga ziwiri, ndipo loyamba ndalitsegula pa mphasa. Mafomu akununkha fumbi, ena anadyedwa ndi chiswe m'mbali. Ndikuwaunjika patatu. Timizere ta amayi a ku Kasenengwa tikuoneka bwino, bolopeni yabuluu, tina tokanikiza mpaka kuboola pepala. Pa fomu ina, pansi pa kamzereko, analemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti "ana asanu". Kolamu ya mawu amenewa mu database mulibe. Ndaiwonjeza, ndipo ndawalemba momwemo.