Khola la mbalame la ku Modena

Ndakhala ndikuwotcherera zitsulo kwa zaka 16. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, zonsezi zadutsa m'manja mwanga. N'chifukwa chake tsiku limene mphwanga anandionetsa pafoni chithunzi cha galimoto yampikisano ya Maserati Tipo 61 atayivula malata onse, ndinazimitsa makina n'kukhala pansi. Mkati mwake munali timapaipi tating'onoting'ono tolukanalukana ngati mono wa nsomba, ndipo ndinakana kuti galimoto yothamanga ingakhale ndi mafupa otero.

Galimotoyi inabadwa pa nthawi ya mavuto. Mu 1957 Juan Manuel Fangio anapambana ukatswiri wa dziko lonse wa mpikisano wa magalimoto akuyendetsa Maserati 250F, koma kumapeto kwa chaka chomwecho kampaniyi inataya magalimoto ake pa ngozi za mpikisano wa ku Caracas, ku Venezuela, ndalama zinatha, ndipo inasiya kupikisana m'dzina lake. Chimene chinatsala n'kupanga magalimoto ogulitsa kwa anthu ena oti azikapikisana nawo. Injiniya wawo, Giulio Alfieri, anafunika chasisi (mafupa a galimoto) yopepuka komanso yolimba, koma yosadya ndalama zambiri. Iye anatenga timapaipi pafupifupi 200, tambiri tonenepa ngati chala, n'kutiwotcherera m'timakona titatutitatu. Chasisi yonse inalemera makilogalamu pafupifupi 30. Geti limene ndinapanga sabata yatha likuposa pamenepo. Anthu ataiona anaipatsa dzina loti Birdcage, kutanthauza khola la mbalame.

Apa m'pamene mtima wanga wagona. Aliyense amene anagwirapo ntchito yathuyi akudziwa kuti paipi yopyapyala ndi yamwano. Ukachedwetsa dzanja pang'ono, moto waboola. Ukawotcha mbali imodzi kwambiri, chitsulo chimakoka, felemu yonse n'kupotoka. Ine felemu ya windo ya makona anayi imandituluka thukuta kuti ikhale yowongoka. Tsono taganizani malo amene timapaipi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi tikukumana pamodzi, ndipo malo oterowo ndi ambirimbiri. Mabuku amatchula Alfieri, ndipo n'zomuyenera, koma ine ndimaganiza za amisiri a ku Modena, mzinda wa ku Italy kumene kuli Maserati, amene ankawerama tsiku lonse maso akuwawa, akudziwa kuti pamene alumikizapo padzakhala moyo wa munthu.

Yoyamba inali Tipo 60 ya injini ya malita 2, imene Stirling Moss anapambana nayo ku Rouen, ku France, mu 1959. Kenako kunabwera Tipo 61 ya malita 2.9, masilinda anayi, mphamvu ya mahachi pafupifupi 250, thupi lonse makilogalamu pafupifupi 600. Injini anaigoneka chapambali pa madigiri 45 kuti kutsogolo kukhale kotsika.

Amene anaitchukitsa ndi Lloyd Casner, woyendetsa ndege wa ku America, ndi timu yake ya Camoradi yopaka zoyera ndi buluu. Mu 1960 pa mpikisano wa makilomita 1,000 ku Nürburgring, ku Germany, m'chifunga ndi mvula, paipi ya oyilo inaphulika ndipo anataya mphindi zingapo akukonza. Oyendetsa ake, Dan Gurney ndi Moss, anabweza nthawiyo mpaka kupambana. Chaka chotsatira Casner mwiniwake ndi Masten Gregory anapambananso pomwepo.

Ku mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, zinakanika. Mu 1960 Gregory anatsogola kumayambiriro, liwiro lake palibe anamufika, koma galimoto sinamalize maola 24. Inali yothamanga koma yosachedwa kudwala, ndipo posapita nthawi magalimoto oika injini kumbuyo anayamba kulamulira. Casner anafera ku Le Mans komweko mu 1965 akuyesa Maserati ina, Tipo 151.

Chithunzi chija ndinakachisindikiza, ndipo ndachimata pakhoma pamwamba pa benchi. Dzulo mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anayesa kuwerenga timapaipi take ndi chala. Anafika pa 70 n'kusokonezeka, ndipo anayambiranso.