Akuti Akufuna Wasayansiyo

Tulo takana, ndiye ndingolemba.

Bambo ena analowa mu labu mwathu ndi pepala la zotsatira za mtedza wawo atalipinda kanayi. Anandiyang'ana, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga ngati kukubwera wina. "Mayi, tandiitanireni bwana amene asaina apa." Ndinati ndasaina ndine. Anaseka pang'ono. "Ayi, ndikunena wasayansiyo."

Zaka zonsezi ndili mu labu, mawu amenewa amandilasabe. Ndinameza malovu.

Mtedza wawo taukaniza chifukwa cha poizoni wotchedwa aflatoxin. Malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex amalola mamaikulogalamu 15 pa kilogalamu ya mtedza wokakonzedwanso, koma wawo wapitirira kutali. Anapisa m'thumba la jekete n'kumwaza njere pa desiki panga. "Taonani nokha, wawola pati?" Kunena zoona unali wokongola, wofiirira bwino. Ndinawafotokozera kuti poizoniyu amachokera ku chuku chotchedwa Aspergillus flavus, saoneka ndi maso, ndipo ngakhale mukazinge satha. Njere zowerengeka zimaipitsa thumba lonse. Amadya chiwindi mwakachetechete, khansa n'kudzatulukira patapita zaka.

"Ndiye anafa ndi mtedza wanga ndani? Mutchuleni."

Apa m'pamene ndinauma pakamwa. Ndilibe woti ndimutchule. Ntchito yathuyi ikayenda bwino sipachitika kanthu, mwana sadwala, ndiye uloza chiyani? Poizoni yemweyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960. Kumeneko kunali mitembo yoloza. Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati anthu 420,000 amafa chaka chilichonse ndi chakudya choipa, koma nambala simunyengerera munthu amene ngongole yamukhala pakhosi. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya kuti ndikuwamvera chisoni.

Madzulo, kaya masana omwewo, sindikukumbuka, ndinayamba kuganiza za Mary Engle Pennington, wasayansi wa ku America. Mu 1892 yunivesite ya Pennsylvania inamumana digiri poti ndi mkazi, inangomupatsa satifiketi. Sanagwe mphwayi, mu 1895 anatenga PhD pomwepo. Mu 1908 anakhala mkulu wa labu yofufuza chakudya ya boma la America, ndipo pamapepala dzina linalembedwa M.E. Pennington kuti ena asadziwe kuti ndi mayi. Ankayeza kuzizira kwa mabogi a sitima onyamula nyama ya nkhuku.

Ndayang'ana siginecha yanga. Nanenso ndimalemba zilembo zoyamba zokha. Ndinayamba liti? Ndimadziuza kuti n'kufulumira chabe, koma usiku uno sindikudzikhulupirira.

Bambo aja akuti mawa abweranso, akufuna tiyezenso, ndipo ayeze "munthu wina". Ufulu wopempha ali nawo. Mnzanga wamwamuna wa benchi yoyandikana nane ndi amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa makina a HPLC, amene timayezera poizoniyu. Akapeza zomwezo, bambowo mwina agwedeza mutu n'kuvomera, ndipo sindikudziwa ngati ndisangalale.

Njere zija zikadali pa desiki. Ndinaiwala kusesa.