Tsiku lomwe mwana wa zaka 7 anandilanda seva

Ndamva kuti achemwali anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, ndiye bola muimve kwa mwini wake. Eya, ndinadzitsekera kunja kwa Jellyfin yanga yomwe, pulogalamu yoyendetsa seva ya kunyumba yomwe ndimaonerapo mafilimu anga. Koma musanaseke, tsegulani kaye Dashboard, tsamba loyendetsera seva, muone ngati masamba a ma user sangofanana onse ngati mapasa.

Ndimangofuna kumupangira akaunti mwana wa achemwaliwo kuti azionera makatuni pa tabuleti. Ndinatsegula ma tab awiri, wina wanga wina wake, ndipo pokonza ndinawasokoneza: kabokosi ka "Allow this user to manage the server" ndinakachonga kwa iye, kwa ine ndinakachotsa, kenaka pa Parental Control, yoletsa ana kuonera zosayenera msinkhu wawo, ndinadziika ndekha pa mulingo wotsikitsitsa, nkudina Save monyadira. Seva siikanalola ndikanakhala admin (woyang'anira seva) ndekha, koma poti inaona kuti bwana wina alipo, inangoti zikomo, pitani bwino.

Nditalowanso mu Jellyfin muja ndinangoona Dashboard kulibe. Mafilimu onse omwe ndakhala ndikusonkhanitsa zaka zonsezi, zii. Kwatsala tinyama toyimba basi. Ndinakhala duu kuyang'anizana ndi kabakha kovala chipewa, iko kakundimwetulira, ine bambo wandevu mwini hard drive, mwini magetsi, mwini chilichonse, makina anga omwe agamula kuti sindinakule. Mpaka ndinakadina kabakhako, nkuonera mphindi 10 zathunthu. Sikoipa ayi.

Nanga pasiwedi ya mwanayo? Ndinaipanga yaitali bwino monga akatswiri amanenera, nkuilowetsa pa tabuleti, osailemba paliponse. Ndiye kuti ufumu wonse unali m'tabuleti yong'aluka galasi, yomata zala, batire ili pa 4%, ndipo mwini ufumuwo atha kufufuta chilichonse, ndipotu Jellyfin ikafufuta imachotseratu fayilo pa disk, si zobisa chabe ayi.

Ndinaimba foni.

"Iwe, tandibwereka tabuleti pang'ono."

"Ankolo, ndikuonera."

"Mphindi imodzi yokha, chonde."

"Mwati chonde ndani?"

Ndinati chonde bwana. Achemwali kumbuyoko akuseka mpaka kutsokomola, m'malo mosaka chaja.

Anandibwereka mawa lake, nditalonjeza kuti nthawi yogona pa Access Schedule, ndandanda ya maola omwe amaloledwa kuonera, ndiisuntha ndi ola limodzi. Ndinakonza zonse pa mphindi 2. Kabakha kaja kakadali pa Continue Watching yanga, sindinakachotse, ndikufuna ndione ngati chipewa chija anachipeza.